Kachasu wa Pamphambano, Therere la Lachitatu

Abale, khalani bwino pamipandopo, pakuti amene waima patsogolo panu lero si munthu wamba. M'mbiri yonse ya Amalawi a ku Mangalande, kuyambira amene anabwera pa sitima ya pamadzi mpaka amene atsika ndege dzulo, ndine ndekha amene ndinamwerapo botolo limodzi ndi mzimu wa ku Brazil. Osati kamodzi. Lolemba katatu motsatizana. Abusa sanafikepo pamenepo, ngakhale anzanga amene anamaliza madigiri awo.

Koma poti apampando athu a Chirwa anena kuti umboni usamakhale ndi zokometsera, ndilongosole bwino. Mzimuwo sunandiitane. Ndinkaba. Botololo linali la kota, ndipo ndinkalimwera kuseri kwa bini ku Braunstone, hafu pasiti sikisi m'mawa, nditavala jekete lobwereka.

A Chirwa anandipemphanso kuti za ku Brazil ndizidumphe, ati zikhoza kusokoneza ofooka. A Chirwa, ndimakulemekezani, tiyi wanu ndamwa, masikono anu ndadya awiri. Koma m'holo muno tonse ndife ofooka, n'chifukwa chake tili muno Loweruka masana m'malo mokhala kumene tinkakhala kuja. Ndikachotsa Brazil, umboni wanga utsala mawu awiri: ndinkamwa, ndinasiya. Mungapite nawo kuti amenewo?

Dzina langa ndine Ganizani. Ndinabwera kuno ndili Folomu 2, kutsatira mayi athu amene anali namwino. Atapuma ntchito n'kubwerera ku Dedza, anandisiya m'manja mwa achemwali anga a Esinati, nawonso namwino, amene ambiri a inu mumawadziwa ndiponso mumawaopa. Ndinali wanzeru, musakayike. Ndinalowa yunivesite ku Loughborough kukaphunzira uinjiniya, ndipo mayi anauza mudzi wonse kuti mwana wawo akadzabwera, milatho yonse ya ku Dedza idzaima chilili.

Mukukumbukira chaka chimene timu ya mpira ya mu Leicester muno inatenga ligi. Anthu anasangalala sabata imodzi n'kubwerera kuntchito. Ine ndinapitiriza zaka ziwiri. Mayeso a chaka chachiwiri ndinawagonera. Anandipatsa mwayi wobwereza, ndinaugoneranso, pabedi lomwelo, mbali yomweyo. Anandiwida, kundichotsa payunivesite. Ndinalowa muweyahausi, anandipeza ndikupuma pakati pa makatoni a matewera nthawi imene si yopuma. Ndinayesa ya keya, yosamalira okalamba, ndinatha masabata atatu. Chimene sindinataye ndi mapepala okhalira m'dziko muno basi, chifukwa ankasunga ndi achemwali.

Iwo anapirira zonsezo mpaka Lachinayi lina la mu Malichi. Anali pa shifiti yaitali, alamu anga ali pamsewu ndi lole, ndipo ntchito yanga inali imodzi yokha: kukatenga mwana wawo Tadala kusukulu kota pasiti firii. Mwana wa zaka zisanu. Ndinadzuka sikisi koloko pabenchi ya m'paki. Aphunzitsi anali atadikira, ataimba mafoni, kenako n'kuitana a boma oona za ana. Achemwali anakafunsidwa mafunso ali muyunifomu, ngati mayi wotaya mwana. Pamenepa nthabwala ndilibe.

Sanandikalipire. Anandilongedzera okha zovala, anazipinda bwinobwino, n'kundiimika pakhomo.

"Ganizani, ukakwanitsa miyezi itatu osalawa, udzagogode. Usanakwanitse, ngakhale pageti usaime."

Anandilandira ndi Mwape, mnzanga wa ku Zambia amene tinkamwera limodzi, mwini jekete lija. Ankakhala ku Spinney Hill, pamwamba pa butchala.

"Sofa ilipo, mudala," anatero. "Manje kumapeto kwa Ogasiti nishifita ku Nottingham. Sofa niyenda nayo. Iwe siniyenda nawe."

Ndiye nkhani inali yomveka ngakhale kwa chidakwa: pofika kumapeto kwa Ogasiti, kaya ndili m'nyumba mwa achemwali, kaya ndili pakhonde la shopu m'tauni ndikupemphetsa ndi kapu ya pepala. Ndinawerenga miyezi, ndinaona kuti nthawi ilipo yambiri, ndinapita kukamwa.

Lolemba lililonse ndinkapita ku Braunstone kukadikira veni ya ejensi, imene inkanyamula anthu a ganyu ya tsiku limodzi. Nthawi zambiri dalaivala ankangondinunkhiza n'kutseka chitseko. Pafupi ndi pamenepo, m'mphepete mwa paki, pali pamene tinjira tiwiri timadutsana. M'mawa wina ndinaona mayi wachikulire, wamfupi, wovala duku, akuika pansi kambale kadothi ka ufa wachikasu. Anatsegula kabotolo, anathira pang'ono pansi, anayankhula motsitsa, anakaimika pambali pa mbaleyo, n'kunyamuka. Sanacheuke. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota, sanacheuke ngakhale kamodzi.

Inu nonse munaleredwa ngati ine. Za pamphambano mukuzidziwa. Munthu akasamba mankhwala kuti ataye tsoka kapena matenda, amakataya pamphambano, ndipo woponda ndiye amanyamula. Mwana wa ku Dedza akaona chinthu pamphambano amalambalala mpaka kulowa m'munda mwa eni ake. Ine ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere, ndinatola. Pabotolopo panalembedwa dzina lofanana ndi kachasu wathu, ndipo nditalawa ndinapeza kuti ndi pachibale ndithu, kungoti uyu anapita kusukulu.

Sabata yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu ndinafika msanga, kuopa kuti wina angandipitirire. Veni ndinali nditaiiwala.

Lolemba lachinayi mayi uja anaika mbale yake, anathira, ananyamuka osacheuka. Ine ndinatuluka kuseri kwa bini, ndinawerama, ndinagwira botolo. Poweramuka, ndinangoona ali chilili patsogolo panga. Anali atazungulira mpanda wa maluwa n'kutulukira kumaso.

Tinkayankhula Chingerezi, chake chazigamba, changa cha yunivesite yosamaliza, koma tinkamvana.

"Sindinacheuke," anatero. "Mwambo sulola kucheuka. Koma sabata yatha ndinakhala pamwamba pa basi, mpando wakutsogolo, basi n'kukhota. Ndinakuona ndi maso akutsogolo."

"Mayi," ndinatero ine, "ndimangosamala malo. Magalasi ndi oopsa kwa agalu."

Sanaseke. "Si wanga mowawo. Ndi wa Eshu, mwini njira ndi zipata. Iye amadya poyamba, ena onse pambuyo. Kwanu ndi kuti?"

"Ku Malawi."

"Kulibe mphambano?"

"Ziliko."

"Amakuphunzitsani chiyani?"

"Usaponde, usatole, usaloze."

"Nanga iwe?"

"Ine ndinamwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira temberero, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kale kusankha chiwalo chimene ndingathe kukhala popanda icho. Iye anangoloza pansi.

"Thira."

"Wonse?"

"Wonse. Ndi dzanja lako."

Abale, ndakhalapo pa maliro ambiri, koma sindinaonepo chinthu chikulowa m'nthaka momvetsa chisoni ngati mmene unalowera kachasu ameneyo. Nthaka ya ku Braunstone inamwa pamaso panga, osathokoza n'komwe. Litatha, mayiyo anandilanda botolo n'kuliika m'chikwama.

"Ndine Dona Neide. Lachitatu teni koloko ubwere kwanga, nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa mashopu. Manja amene anatengawo adzagwire ntchito. Ubwere thupi lili loyera. Dzulo lake osamwa."

Mukhoza kufunsa chimene ndinapitira. Ine ndinaphunzira sayansi, zamatsenga sindizikhulupirira. Koma sayansiyo ndinaisiyira pakati, ndiye theka lina la mutu wanga likadali la ku Dedza. Theka limenelo ndi limene linandinyamula.

Lachitatu loyamba anatsegula chitseko, anasendeza mphuno, anatseka chitseko. Palibe mawu. Ndinaima panja ngati wogulitsa inshuwalansi. Ine, munthu amene ndinakhalapo m'kalasi limodzi ndi anthu amene lero akupanga mainjini a ndege, kubwezedwa pakhomo ndi mayi wokolopa m'maofesi! Chimene chinandigwira si kulapa ayi, ndi mkwiyo. Ndinalumbira kuti sabata yamawa chitseko chimenecho chitseguka, afune asafune.

Lachiwiri lotsatira sindinamwe. Ndinafika thukuta lili kamukamu, manja akuvina okha. Ananunkhiza, anandilowetsa, anayang'ana manjawo, n'kundipatsa foni m'malo mwa mpeni.

"Imba kwa GP, dokotala wako. Pompano, ine ndili pano. Munthu womwa ngati iwe akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa n'kufa. Orisha, mizimu yathu, alibe mapiritsi."

Mumve bwino pamenepa, inu amene mumati mayiyu anandidyetsa mankhwala. Mankhwala amene ndinamwa ine anachokera kufamase, dzina langa litalembedwa pabokosi.

Chipembedzo chake amachitcha Kandomble. Chinawoloka nyanja kupita ku Brazil ndi makolo awo amene anagwidwa ukapolo ku Africa, ndipo mizimu ikuluikulu imene amaitumikira amaitcha orisha. Uliwonse uli ndi tsiku lake, mtundu wake wa nsalu ndi chakudya chake. Lachitatu ndi la Shango, mwini mabingu ndi chilungamo, ndipo Shango amadya therere. Inde, therere lobala lomweli. Kwawo amaphika ndi amayi okhaokha, koma ku Leicester manja ndi ochepa, ndiye kudula kunagwera ine. Malamulo ake ndi awa. Pakhomo la khitchini umati "ago", ndiye odi wawo. Umasamba m'manja. Ukayamba kudula suyankhula mpaka beseni litatha, ngakhale nyumba ipse. Sulawa. Umadula ting'onoting'ono, tofanana, beseni lonse.

Masabata awiri ndinadula bwino. Lachitatu lotsatira, Dona Neide anateleka mphika, anathira mafuta ofiira a kanjedza, anyezi, ndi tinsomba touma tooneka ngati ziwala, kenako therere langa. Foni inalira kuchipinda, anatuluka. Ine ndinasuzumira mumphika, ndipo mtima wanga wa Chimalawi unawawa. Therere lopanda soda! Kwathu ngakhale mlendo amene sumufuna sumuphikira choncho, nanga uyu mwini mabingu? Ndinatsegula kabati, ndinapeza soda wa makeke, ndinatsina kawiri mwaulemu wonse. Ndinkathandiza.

Mphika unafufuma thovu mpaka kuzimitsa moto. Dona Neide atalowa anagwira kumutu ndi manja onse awiri, n'kuyankhula Chipwitikizi chambiri chimene sindinapemphe kuti andimasulire.

"Waikamo chiyani?"

"Soda. Kuti lifewe."

"Ndani anakuuza kuti Shango alibe mano?"

Mphika wonse sukanaperekedwanso. Anthu ake ankabwera madzulo, therere lina munalibe m'nyumbamo. Ndinatenga jekete.

"Ukupita kuti?"

"Mukudziwa kumene ndikupita. Mayi, chilichonse chimene ndagwira chimaonongeka. Sukulu, ntchito, mwana wa achemwali anga. Lero ndafika poononga ndiwo za mzimu. Pamwamba pa apa palibenso china choti ndiononge, ndamaliza silabasi."

"Khala pansi," anatero. "Umadzitama kwambiri. Ukuyesa ndiwe woyamba?"

Anazimitsa gasi, anakoka mpando, anakhala moyang'anizana nane. Thovu linali likutsikabe m'mbali mwa mphika, iye osalilabadira. Anayankhula pang'onopang'ono, akufunafuna mawu a Chingerezi limodzilimodzi.

Ati pachiyambi dziko kunalibe, kunali madzi okhaokha. Mulungu Wamkulu anaitana Oshala, wamkulu wa orisha onse, wanzeru, wodalirika, n'kumupatsa thumba. M'thumbamo munali zonse zopangira dziko. Anamuuza kuti asananyamuke apatse Eshu gawo lake, koma iye anati, ine wamkulu ndipereke kwa wapachipata? Ananyamuka. Panjira linamugwira ludzu loopsa. Anabaya mtengo wa kanjedza ndi ndodo yake, uchema unatuluka, anamwa. Anamwanso. Anagona pansi pa mtengo womwewo, thumba lili pambali. Mng'ono wake anadutsa, anaona mkulu wake ali thapsa, anatola thumba, anapita kukapanga dziko.

"Podzuka," anatero Dona Neide, "anapeza dziko lapangidwa kale. Mapiri, mitsinje, zonse. Popanda iye."

Ndinafunsa funso limodzi lokha limene munthu ngati ine angafunse.

"Anamuwida?"

Nditamumasulira, anagwedeza mutu. "Anabwerera kwa Mulungu Wamkulu, anagwada, ananena zimene anachita osachotsapo kanthu. Anamupatsa ntchito ina, youmba anthu ndi dothi. Iwe ndi ine. Kuyambira tsiku limenelo salawa chakumwa choledzeretsa. Amavala zoyera, tsiku lake ndi Lachisanu, ndipo orisha onse amamugwadira. Tikamutchula timati, Epa Baba."

"Nanga thumba lija anamubwezera?"

"Ayi."

"Ngakhale atalapa?"

"Dziko silipangidwa kawiri, mwana iwe. Thumba linapita. Lakonso linapita. Ukumwa chifukwa ukudikira pansi pa mtengo kuti wina akubwezere. Dzuka ukafunse ntchito yachiwiri."

Abale, ine ndapemphereredwa ndi anthu ambiri, ena a inu muli muno, ndipo ndikuthokoza. Koma aliyense ankandilonjeza kuti zonse zimene ndinataya zidzabwerera, mwinanso kuwirikiza. Ndinkati ameni, ndikatuluka n'kuona kuti digiri sinabwere, anzanga akugula nyumba, ine n'kulowa mushopu ya pakona. Mayi ameneyu ndiye woyamba kundiuza m'maso muli gwa kuti madzi akatayika sawoleka, ndipo kuti ngakhale wamkulu wa mizimu yake zinamuonekera, anagona pa tsiku la mayeso, koma lero akumugwadira. Ndinakhala pampando paja ndikuyang'ana mphika woonongekawo, ndipo ndinalira. Osati kulira kwa mufilimu. Kwa mamina.

Anandisiya ndilire mpaka ndinamaliza. Kenako anandiika ndalama m'manja.

"Therere. Makilo awiri. Basi ikudutsa teni minitsi ikubwerayi."

Kuchokera pamene ndinatsika basi kukafika pashopu ya Amwenye yogulitsa masamba pali mashopu atatu a mowa. Ndinawawerenga popita, ndinawawerenganso pobwera. Ndinabwera ndi therere, ndinadula beseni lachiwiri, ndipo soda anali atamubisa.

Kuchoka pamenepo sabata inayamba kudzaza yokha. Kuti ndidule Lachitatu, Lachiwiri osamwa. Lachisanu ndinayamba kuvala malaya oyera, palibe anandiuza, ndinangoona kuti munthu wogona pa mayeso mnzanga ayenera ulemu. Ndiye Lachinayi osamwa, komanso ndilo tsiku limene a GP ananditumiza kukaonana ndi alangizi. Lolemba ndinkamunyamulira Dona Neide kambale kupita nako pamphambano paja, ndiye Lamulungu osamwa. Mowa unatsala ndi Loweruka lokha. Loweruka lina pakati pa Meyi unandipeza, sindibisa, ndipo Lolemba lake mphuno ija inandibwezera pageti. Ndinayambanso kuwerenga kuchokera pa ziro. Loweruka lotsatira ndinabwera muno, ndinakhala mpando uwo wa pafupi ndi hita. A Chirwa ndi mboni. Mowa unasowa tsiku.

Ndiye amene mwabwera lero koyamba, musapite ku Braunstone kukasaka chitseko chobiriwira, mipeni kumeneko ndi iwiri yokha. Koma pezani munthu amene angakununkhizeni pakhomo n'kutseka chitseko osakumverani chisoni. Amene amakukondani kwambiri sangathe, amatsegula. Mupite kwa GP musanasiye, musachite zaungwazi. Ndipo mupeze ntchito ya manja imene ina yake siyenda inu mukapanda kubwera, ngakhale ikhale yopanda ulemu ngati kudula therere. Ine pano ndimayendetsa fokolifiti, madzulo ndikuphunzira zamagetsi kukoleji yaing'ono. Milatho ya ku Dedza adzamanga ndi ena.

Tsopano, Amalawi a mu Leicester simugona. Wina anandijambula Lolemba m'mawa nditanyamula kambale kadothi, wina Lachisanu ndili mbuu ndi malaya oyera, zithunzi n'kuyamba kuyenda m'magulu a pafoni. Pamene ndinkagona pabenchi palibe anandijambula. Nditayamba kuyenda mowongoka ndi pamene ndinakhala nkhani. Ati Ganizani walowa zausatana. Ati wagulitsa mzimu wake kwa mfiti ya ku Brazil. Ndinadabwa kumva kuti mzimu wanga unali ndi wogula.

Chaka chimenecho ndi chija kunatentha mpaka udzu wa m'mapaki unauma. Pakati pa Ogasiti miyezi itatu inakwana. Mwape anali atayamba kale kumanga makatoni, sofa ataijambula kuti aone ngati ilowe muveni. Ndinasita malaya, ndinakagogoda.

Achemwali anatsegula, koma anaima pakati pa chitseko.

"Ndamva kuti wasiya. A Chirwa andiuza. Ndamvanso zinazo."

"Zina ndi zoona, achemwali."

"Ndiye umve. Lamulungu ukaima kutsogolo kutchalitchi, abusa akakusanjika manja, ukanena kuti mapemphero ndiwo akumasula, ndipo kwa mayi uja wasiyako. Ukatero chipinda chako chilipo."

Kumbuyo kwawo ndinkaona nsapato za Tadala pamasitepe. Kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti sofa ipite ku Nottingham. Bodza lake linali laling'ono, ndipo ine ndanamapo mabodza akuluakulu pa zinthu zazing'ono kuposa denga. Koma ndinamva pakamwa panga pakunena zina.

"Mapemphero anu sindikuwakana. Mwandipempherera zaka zambiri, ndikudziwa. Manja andisanjike, mutu ndi uwu. Koma mayi uja sindimufufuta. Anandipeza ndikumubera, anandipatsa mpeni ndi mpando. Ndikayamba moyo watsopano ndi bodza, Loweruka lake ndimwa."

"Ndiye wasankha."

"Simunanene za tchalitchi mu Malichi muja. Munati miyezi itatu. Ndi iyi."

Anatseka chitseko. Zitseko zinanditsekera zambiri chaka chimenecho, koma pa ichi sindinkanunkha kanthu. Pobwerera mashopu a mowa ndinawawerenganso. Analipo asanu ndi limodzi. Ndinakafika kwa Mwape ndili wouma ngati chikuni, ndi wokwiya.

Lachitatu ndinali pakati pa beseni pamene chitseko chobiriwira chinagogodedwa ngati kwabwera apolisi. Ndinamva mawu a achemwali m'khonde. Analowa mpaka pakhomo la khitchini, atamanga chitenje pamwamba pa diresi, kabotolo ka mafuta odzozera kali m'manja.

"Ganizani! Dzuka, tiye."

Lamulo mukulikumbukira: ukayamba kudula suyankhula. Ndinawayang'ana, ndinaweramitsa mutu mwaulemu, ndinapitiriza kudula.

"Ganizani, ndikuyankhula ndi iwe!" Anatembenukira kwa Dona Neide, m'Chingerezi cha kuwodi chija. "Mwamuchita chiyani? Mwamutseka pakamwa?"

"Akamaliza ayankhula," anatero Dona Neide. "Khalani pansi, mayi."

"Sindikhala."

"Madzi?"

"Sindimwa."

Ndiye anaima. M'beseni munali mutatsala therere lokwana mwina makumi atatu. Ndinkatenga limodzi, kudula mutu, kulidula m'litali, kenako ting'onoting'ono, n'kutenga lina. M'khitchini monse munkangomveka mpeni pathabwa. Ndinkayembekeza kuti andikoka khutu kapena andithira mafuta aja m'mutu. Koma nditaba diso ndinaona kuti sakuyang'ana makandulo, sakuyang'ana mikanda ya pakhoma. Akuyang'ana manja anga. Munthu amene wakhala zaka zambiri muwodi amadziwa manja a chidakwa. Komanso mayi ameneyu anandilera, ndipo chibadwire changa anali asanandionepo nditakhala chete mphindi khumi, kapena ndikumaliza chinthu chimene ndayamba.

Ndinadula lomaliza. Ndinatsuka mpeni, ndinapukuta thabwa, ndinasamba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Tambasula manja."

Ndinatambasula. Anaika kapepala pamwamba pa zala, monga amachitira kuntchito. Kapepala kanangokhala. Ananditsitsa chikope n'kuyang'ana m'maso. Kenako anafunsa Dona Neide, osamuyang'ana kumaso.

"Mukufuna chiyani kwa mchimwene wanga?"

"Palibe. Si mwana wa nyumba ino. Sanapemphe kulowa, ine sindinamuitane. Mutu wake ndi wake. Amadula mochedwa, koma amamaliza."

Achemwali anatseka maso, anakweza dzanja, n'kupemphera mokweza m'Chichewa pakhomo la khitchini ya eni ake. Anamanga, anamasula, anathamangitsa chilichonse chimene chinali ndi miyendo. Dona Neide anaima mwaulemu, manja ali pamimba, mpaka ameni. Kenako anati, "Ashe."

"Wati chiyani?" anandifunsa achemwali.

"Akuti zikhale choncho, mphamvu ikhalepo."

"Umuuze kuti ndanena kale ameni, sizikufunika zoonjezera."

Sindinamasulire. Tinatuluka, tinakaima pa siteji ya basi, dzuwa likuswa mtengo. Basi imodzi inadutsa, achemwali osaiimitsa.

"M'nyumba mwanga timbale tadothi ayi."

"Ayi."

"Makandulo ayi. Ng'oma ayi."

"Ng'oma sinditha n'komwe."

"Tadala sukamutenga kusukulu mpaka ine nditanena."

"Ndamva."

"Nanga zoyerazo?"

"Lachisanu ndizivala. Lachitatu ndizibwera kuno. Lamulungu ndikhala nanu kutchalitchi, benchi yakumbuyo."

Anapumira m'mwamba. "Uzichapa wekha. Umboni uja?"

"Ndikaunena wonse, kapena osaunena."

"Ndiye ukaunenere kwa a Chirwa. Kutchalitchi kwanga usatsegule pakamwa."

A Chirwa, mwamva nokha amene ananditumiza. Ngati pali mlandu, mukaonane nawo, ine ndikuperekezani mpaka pageti.

Mpaka lero achemwali satchula dzina la Dona Neide, amangoti mayi wako wa therere uja. Sanagwirizane, ndipo sindikuona kuti adzagwirizana. Ena a inu mukandiona mumsewu Lachisanu mumawolokera tsidya lina. Wolokani, msewu ndi wa khonsolo. Ine mkanda ndilibe, mzimu sunandigwirepo, Chipwitikizi ndimadziwa chotukwana chokha. Koma amene akufuna kuti ndinene kuti mayi uja sanandithandize, abwere ndi mpando, adikira nthawi yaitali.

Basi yachiwiri itatulukira, achemwali anapisa m'chikwama, anachotsa kiyi wa chitseko chakumaso pa mulu wa makiyi awo, n'kundiponyera.

"Ukadulitse wako kumsika. Uyu ndimufuna isanakwane foro. Ndalama usandipemphe."

Ndinapita wapansi mpaka m'tauni. Wodula makiyi ndinamufotokozera kuti kiyi ameneyu ndi wa mbiri, kuti wadutsa m'makontinenti atatu, kuti munthu wa mtima wabwino akanachotsako kenakake. Anandiyang'ana, anayatsa makina ake, anandiuza kuti mtengo ndi umodzi kwa aliyense. Ndiye amene mumafunsa kuti mfiti ya ku Brazil inandidya zingati, lembani, mukatumize m'magulu mwanu muja pamodzi ndi zithunzi: mapaundi anayi ndi fifite pensi.